Kulondola makolo a chi-Quaker kuchokera ku Indiana kubwerera m'mbuyo

Mayi wina amene anakwatiwa ku Indiana, m'dziko la America, wanditumizira imelo yofunsa mmene angalondolere mbiri ya makolo a amuna ake. Apongozi ake amati makolowo anali a Quaker, gulu lina la Akhristu, ndipo Baibulo lakale la pabanjapo lili ndi mayina olekezera m'chaka cha 1812, koma kumbuyo kwake kuli zii.

Mayi, musavutike ndi kufunafuna mabuku a ubatizo, chifukwa a Quaker sankabatiza ndi madzi. Kumanda nakonso simukapindulako kwenikweni, popeza akale awo ankaona miyala yolembedwa mayina ngati kudzikuza. Chimene chingakuthandizeni ndi mabuku a msonkhano wa mwezi ndi mwezi (ndiwo unali mpingo wawo wa m'dera), mmene ankalembamo obadwa, okwatirana, omwalira ndiponso osamuka. Banja likamachoka linkapatsidwa kalata yokapereka kumsonkhano wa kumene likupitako, monga zimachitikira m'mipingo yakwathu, ndipo alembi a uku ndi uko ankalemba dzina la msonkhano winawo. Mukapeza kalata imodzi, mwapeza mudzi umene anachokera.

Ndikuganiza kuti njira yanu ikufikitsani ku North Carolina. William Penn, mtsogoleri wa a Quaker, atapatsidwa dziko la Pennsylvania mu 1681, zidzukulu za amene anamutsatira zinalowera kummwera kudzera ku Virginia, n'kukakhazikitsa ku North Carolina misonkhano ya Cane Creek mu 1751 ndi New Garden mu 1754. Ukapolo, umene iwo ankadana nawo, ndiwo unawanyamutsanso: lamulo la 1787 linauletsa kumpoto kwa mtsinje wa Ohio, kumene kuli Indiana, choncho mabanja ambiri anakweza katundu pangolo n'kupita kumeneko. Yambirani pa msonkhano wa Whitewater wa mumzinda wa Richmond ku Indiana, umene unayamba mu 1809. Zolembedwa zambiri za dera limenelo zimasungidwa ku Earlham College. Kenako muone buku loyamba mwa mabuku a William Wade Hinshaw a mbiri ya mabanja a chi-Quaker, la 1936, limene anasonkhanitsamo za ku North Carolina.

Musamale ndi masiku. A Quaker sankatchula mayina a miyezi, ankangoiwerenga, ndipo chisanafike chaka cha 1752 mwezi woyamba unali Malichi. Mwana wolembedwa kuti anabadwa mwezi wachiwiri mu 1745 anabadwa mu Epulo, ngakhale ambiri pa intaneti amakopera molakwika kuti Febuluwale.

Dzina likasowa mwadzidzidzi, fufuzani zilembo zakuti "dis mou" pambali pake. Zikutanthauza kuti munthuyo anadulidwa chifukwa chokwatira kunja kwa mpingo, ndipo ana ake mukawafune m'mabuku a boma a maukwati ndi a malo.