Mafunso Anu: Mafilimu a Marx Brothers pa DVD ndi pa Flash

Mchimwene wanga amene ali ku America wanditumizira zimbale za DVD za Marx Brothers, abale aja a ku America a mafilimu akale a nthabwala. Ndikaika mu pleya imangolemba kuti "Wrong Region". Kodi zimbalezi ndi zakufa? (Bambo wa ku Chibavi)

Zimbale zanu zili bwinobwino, bambo, musazitaye. Makampani a mafilimu anagawa dziko lapansi m'zigawo, ndipo chimbale cha chigawo china chimakanidwa ndi pleya ya chigawo china. America ndi Canada ndi Region 1. Britain, mayiko ambiri a ku Ulaya komanso South Africa ndi Region 2. Malawi ali mu Region 5 pamodzi ndi mayiko ambiri a mu Africa. Tembenuzani chikuto cha chimbalecho, muona kachithunzi ka dziko lapansi kali ndi nambala pakati. Pakalembedwa ALL kapena 0, ndiye kuti chimalowa paliponse.

Mapleya ambiri otsika mtengo amene amagulitsidwa m'masitolo a m'tauni salabadira za zigawozi, koma musagule mongokhulupirira. Nyamulani chimbale chimodzi, wogulitsayo achiyese inu mukuona. Pa kompyuta, pulogalamu ya VLC nthawi zambiri imatsegula zimbale zotere. Kompyuta ikakufunsani kuti musinthe chigawo, samalani: imalola kusintha kasanu kokha, kenako imatsekera pa chigawo chomalizacho.

Chimbale chikalowa koma chithunzi n'kumagudubuzika, makamaka pa TV yakale ija ya chimsana, vuto ndi lina. Zimbale za ku America ndi za mtundu wa chithunzi cha TV wotchedwa NTSC pomwe kuno timagwiritsa ntchito wotchedwa PAL. Dinani Setup pa rimoti ya pleya, pezani TV System, musankhe PAL. Ndipo achimwene anuwo akafuna kukutumizirani pleya yakomweko, ayambe awerenga kumbuyo kwake. Magetsi a ku America ndi a 120V, athu ndi a 230V, choncho pleya yosalembedwa 100–240V ikhoza kupsa tsiku loyamba lomwelo.

Za Blu-ray, zimbale za chithunzi chooneka bwino kuposa DVD, n'zosavuta kwa ife, chifukwa Africa ndi Ulaya onse ali mu Region B. Zogula ku Britain zimalowa, za ku America zambiri ndi Region A.

Ana anga satsatira Chingerezi chothamanga. Ndiyambe ndi filimu iti? (Mayi wa ku Katoto)

Yambani ndi Duck Soup ya 1933, mayi. Ndi yaifupi, mphindi pafupifupi 68, ndipo muli gawo lotchuka la kalilole. Kalilole wamkulu wasweka, Harpo, mmodzi wa abalewa, wavala ngati m'bale wake Groucho, ndiye waima kuseri kwa khomo lopanda galasilo n'kumatengera chilichonse chimene mnzakeyo akuchita: akawerama nayenso awerama, akavina nayenso avina. Gawo lonselo mulibe mawu ngakhale amodzi, moti mwana wa sitandade 1 amaseka limodzi ndi agogo ake. Kenako onerani A Night at the Opera ya 1935, momwe anthu amangothithikana m'kachipinda kakang'ono ka m'sitima ya pamadzi mpaka chitseko chitsegulidwa onse n'kukhuthukira panja.

Anawo adzakonda Harpo kuposa ena onse. Iye salankhula m'mafilimu onsewa. Amaliza hutala, amaimba likhweru, amatulutsa zinthu zodabwitsa m'chikhoti chake, kenako amakhala pansi n'kuimba zeze wamkulu mwaluso lenileni. Chico amaimba piyano ngati akuwombera ndi chala. Groucho, wa ndudu yaikulu ndi ndevu zochita kupenta, ndiye wovuta, chifukwa nthabwala zake zili m'mawu othamanga a matanthauzo awiri. Kwa iyeyu yatsani mawu olembedwa m'munsi podina Subtitle. Zeppo, wamng'ono pa onse, amaoneka m'mafilimu asanu oyambirira okha.

The Cocoanuts ya 1929 muisiye kaye. Inajambulidwa mafilimu a mawu atangoyamba kumene, kamera siyendayenda ndipo mawu samveka bwino. A Day at the Races ya 1937 yambani mwaionera nokha. Muli akatswiri achikuda ovina ndi oimba mochititsa chidwi, koma mulinso malo amene abalewa amadzipaka zakuda kumaso kuti abisale pakati pawo. Umenewo unali mchitidwe wonyoza anthu akuda m'zisudzo za ku America, ndipo ana ayenera kuuzidwa zoona zake ngati muwaonetsa.

TV yanga ndi yatsopano koma kumbali zonse ziwiri kumatsala mizere yakuda. Chithunzi chili ndi timadontho, penanso chimadumpha. Kodi anandigulitsa zabodza? (Wowerenga wa ku Luwinga)

Mizere yakudayo ndi yoyenera kukhalapo. Mafilimuwa anajambulidwa pa mlingo woyandikira 4:3, pomwe TV zamakono ndi 16:9. Mukakakamiza kuti chithunzi chidzaze galasi lonse, anthu amaoneka afupi ndi onenepa. Mukadina Zoom, mitu ndi mapazi zimadulidwa, ndiye nthabwala zambiri za Harpo zili m'miyendo ndi m'manja. Mu pleya sankhani 16:9 monga mtundu wa TV yanu, ndipo pa TV ikani Aspect Ratio pa Original kapena Auto. Anthu akamaonekabe otambalala, sankhani 4:3.

Timadontho tonga mchenga wosalala ndi chibadwa cha filimu yakale. Mukakweza Sharpness timachuluka, choncho itsitseni. Zimitsaninso zija zosalaza kayendedwe ka chithunzi, zimene pa Samsung zimatchedwa Auto Motion Plus ndipo pa LG TruMotion. Mawu ndi a mono, kutanthauza a njira imodzi yokha, musadabwe ngati sipika yapakati yokha ndiyo ikulira.

Kudumpha kuli pawiri. Mu Horse Feathers ya 1932 muli gawo la m'nyumba ya mayi wina limene limadukaduka pa chimbale chilichonse, chifukwa makope amene anatsala anali oonongeka kale. Pamenepo palibe chokonza. Koma mukaona timabokosi tamakona anayi anthu akamathamanga, ndiye kuti mwagula zimbale zija zothira mafilimu khumi m'chimodzi. DVD wamba imanyamula 4.7GB, yokwanira filimu imodzi yooneka bwino. Mukagawa malo amenewo pakhumi, zotuwa zonse zimene zimakongoletsa filimu yakuda ndi yoyera zimasanduka phala.

Ngati mungathe kuitanitsa, mafilimu asanu oyambirira, amene abalewa anapanga ku kampani ya Paramount, tsopano ali m'manja mwa Universal, imene inawakonzanso n'kuwatulutsa pa Blu-ray mu 2016. Mu Animal Crackers ya 1930 anabwezeramo tizigawo timene tinadulidwa kalekale, titapezeka pa kope yosungidwa ku British Film Institute. Ku Britain mafilimu asanuwa anatulutsidwa ndi kampani ya Arrow mu 2017, ndipo amenewo ndiwo a Region B. Mafilimu amene anapanga ku kampani ya MGM, monga A Night at the Opera ndi A Day at the Races, amatulutsidwa ndi Warner Bros.

Ndikaika filimu pa flash, TV imaonetsa chithunzi popanda mawu. Ina imakana n'kukopedwa komwe. (Mnyamata wa ku Mchengautuwa)

Yokana kukopedwayo, achimwene, yaposa 4GB, ndipo flash yanu inafomatidwa m'njira yosungira mafayilo ya FAT32, imene silandira fayilo imodzi yoposa pamenepo. Samutsani zonse zili pa flash, muifomate kukhala exFAT kapena NTFS, koma onani kaye m'kabuku ka TV ngati imawerenga mitundu imeneyi. Yopanda mawuyo kawirikawiri ili ndi mawu a mtundu wa DTS, amene TV zambiri sizitha kutulutsa. Isintheni ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake: MP4, chithunzi H.264, mawu AAC. Fayilo ya mawu olembedwa ya .srt ikhale mu foda yomweyo ndipo dzina lake lifanane ndendende ndi la filimu. Zonsezi ndi zoonera kunyumba. Wofuna kuonetsa anthu olipira ayambe wafunsa za chilolezo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso.

M'miyezi yozizira chimbale chimaima pakati pa filimu. (Mayi wa ku Zolozolo)

Chinyontho cha Mzuzu mu June ndi July chimachititsa nthunzi pa diso la pleya. Tulutsani chimbale, siyani pleya ili yoyaka kwa theka la ola kapena ola lathunthu, kenako yesaninso. Chimbalecho pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pabowo lapakati kupita kumphepete, osati mozungulira, chifukwa mkwasa wotsatira mzere wa chimbale ndiwo umasokoneza kwambiri. Chikachita chuku, chitsukeni ndi madzi ofunda pang'ono ndi kadontho ka sopo wa mbale, chiume kaye musanaike. Sungani zimbale m'zikuto zake zitaimirira, kutali ndi khoma lonyowa. Chikamaimabe pamalo omwewo m'mapleya awiri osiyana, chimbalecho ndicho chakalika. Chikamaima malo osiyanasiyana, pitani ndi pleya kwa okonza akapukute diso.