Funsani Aphunzitsi: Kanyali ka pakona, ng'ombe ndi milungu ya Ahindu

FUNSO: Zikomo Aphunzitsi. Ndine mtsikana wa zaka 23, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe kwa banja lina la Amwenye. Pakona pa chipinda chochezera pali kashelefu ka zithunzi ndi tizifanizo, kena kali ndi mutu wa njovu. M'mawa uliwonse madamu amayatsa kanyali, kufukiza lubani ndi kuikapo maluwa. Nyama ya ng'ombe silowa m'nyumbamo. Anzanga akuti anthuwa amapembedza ng'ombe ndi mafano, ena akuti ndi zizimba za chuma. Chipembedzochi anachiyambitsa ndani, nanga amakhulupirira chiyani? Ndine Wodabwa, wa ku Bangwe.

YANKHO: Mwana wanga, choyamba mtima ukhale m'malo. Zimene mukuonazo si zizimba. Ndi pemphero la m'mawa la Mhindu, eniake amati puja, ndipo madamu anuwo akuchita zomwe amayi awo ndi agogo awo ankachita kwawo ku India.

Funso loti anayambitsa ndani ankandifunsanso ana a Fomu 3 chaka ndi chaka ndili pa ntchito ya choko, ndipo yankho langa silinkawasangalatsa chifukwa ankafuna dzina loti alembe pa mayeso. Dzina lake kulibe. Pa Chikhristu timaloza Yesu, pa Chisilamu timaloza Muhammad, koma pa Chihindu palibe woti n'kumuloza. Zili ngati mundifunse kuti anayamba ndani kuthira nsembe patsinde pa mtengo wa mpoza. Anthu anangozipeza zikuchitika, nazipatsira ana awo. Ngakhale dzina loti Hindu linachokera kwa alendo. Kuli mtsinje waukulu wotchedwa Indus, womwe lero mbali yake yaikulu ili m'dziko la Pakistan. Eni dera ankautcha Sindhu, ndiye Aperezi lilime lawo linkatembenuza s kukhala h, basi anthu a kutsidya kwa mtsinjewo n'kusanduka Ahindu. Eniake ambiri amakonda kunena kuti Sanatana Dharma, kutanthauza njira ya moyo yomwe ilibe poyambira kapena pothera.

M'chigwa cha mtsinje umenewu munali mizinda ya njerwa zootcha, monga Harappa ndi Mohenjo-daro, kuyambira cha m'ma 2600 mpaka 1900 Yesu asanabadwe. Anaifukula m'zaka za m'ma 1920, napeza ngalande za madzi, dziwe lalikulu losambiramo ndi tizidindo tojambulidwa nyama. Zolemba za patizidindoto mpaka lero palibe anatha kuziwerenga, choncho akatswiri amangotsutsana za chipembedzo cha anthuwo.

Pamene tingaponde ndi mapazi onse awiri ndi pa Veda, nyimbo ndi mapemphero a m'chinenero cha Sanskrit. Alipo magulu anayi, ndipo lakale kwambiri ndi Rig Veda, la cha m'ma 1500 mpaka 1200 Yesu asanabadwe, lokhala ndi nyimbo 1,028. Apa ndimavula chipewa monga mphunzitsi. Kwa zaka mazanamazana nyimbozi sizinalembedwe. Mwana ankakhala pamaso pa mphunzitsi wake n'kumaloweza liwu ndi liwu, mpaka pokweza ndi potsitsa mawu, ndipo anali ndi njira zobwerezera mawu chamtsogolo ndi chambuyo kuti lina lisagwe. Ine ndinkavutika kuti ana aloweze ndime ziwiri zokha za ndakatulo! Nyimbozo ankaimbira Agni, mulungu wa moto, Indra wa mvula ndi mabingu, ndi ena, pothira nsembe pamoto. Mukadzaona ukwati wa Chihindu, akwati akuzungulira moto, mudzadziwe kuti mwambowo ukuchokera kutali chotero.

Patapita nthawi kunabwera anthu oganiza mozama omwe ziphunzitso zawo zili m'mabuku otchedwa Upanishad. Iwowa anati kuseri kwa zonse zooneka kuli chimodzi chokha, Brahman, chopanda thupi, chopanda malire, ndipo mzimu wa mwa munthu, atman, ndi wa mtundu womwewo. Muli nkhani ina yomwe ndimaikonda. Bambo anauza mwana wake kuti athire mchere m'madzi, m'mawa mwake namuuza kuti abweretse mcherewo. Mwana anausowa. Bamboyo anati alawe madzi a pamwamba, a pakati ndi a pansi, ndipo ponseponse munali mchere. Anati Brahman ali choncho, saoneka koma palibe pomwe palibe.

Ndiye milungu yambirimbiriyo ikubwera bwanji? Ahindu ambiri angakuuzeni kuti ndi nkhope zosiyanasiyana za chimodzi chomwecho, ndipo banja lililonse limasankha nkhope yomwe mtima wawo wakonda. Ena amatsamira kwa Vishnu, wosunga dziko, amene amati anabwera pansi pano kangapo, monga Rama ndi Krishna. Ena kwa Shiva. Enanso kwa mulungu wamkazi, Durga kapena Kali. Wa mutu wa njovuyo ndi Ganesha, mwana wa Shiva ndi Parvati, wochotsa zopinga panjira, n'chifukwa chake amayamba ndi iye potsegula sitolo kapena poyamba ulendo. Mukayang'anitsitsa mwina muonanso mayi atakhala kapena kuimirira pa duwa la pamadzi, ndalama zikugwa m'dzanja lake. Ameneyo ndi Lakshmi, wa chuma ndi mwayi, ndipo ndikukhulupirira kuti mphekesera za zizimbazo zimachokera pa chithunzi chimenechi.

Za mafano ndinene mosapsatira. Ine ndine Mkhristu, sindigwadira chifanizo, ndipo sindikukuuzani kuti mugwade. Koma Mhindu sanena kuti mwala kapena mkuwawo ndiwo unalenga dziko. Iye amati chifanizocho, murti, ndi pokhalira mulungu akaitanidwa, ndiye amamulandira ngati mlendo wolemekezeka: madzi, maluwa, chakudya, nyali. Mutha kusagwirizana nazo, koma mukamawafotokoza kwa anzanu, fotokozani zimene iwo amanena.

Ng'ombe ndiye nkhani yapafupi. Amailemekeza ngati mayi chifukwa imayamwitsa anthu. Mkaka, chambiko, mafuta ophikira ndi oyatsira kanyali kaja, ndowe zophikira, nkhunzi zolimira, zonse zimachoka kwa iyo, ndipo Krishna yemwe amamukonda uja anakulira kubusa. Onjezerani chiphunzitso cha ahimsa, kusavulaza chamoyo, chomwe Mahatma Gandhi anachitchukitsa. Si Ahindu onse amene amasala nyama, koma a ku Gujarat, komwe kunachokera mabanja ambiri a Chihindu a kuno, ambiri sadya ndi nkhuku yomwe. Choncho musaphikire ndiwo zanu za nyama m'mapoto awo, muvule nsapato mukayandikira kashelefuko, ndipo musapukutepo fumbi musanafunse. Tsiku lina madamu ali pabwino, afunseni dzina la chithunzi chilichonse. Mudzaona kuti nkhani sidzatha msanga.

FUNSO: Aphunzitsi, pa Facebook munthu akaba kenako n'kuchita ngozi, anthu amalemba kuti “karma”. Mawuwa ndi a Chingerezi? Ndine Mnyamata wa kabaza, ku Mchinji.

YANKHO: Ayi achimwene, ndi a Sanskrit, ndipo tanthauzo lake ndi ntchito, chimene munthu wachita. A pa Facebook amawagwiritsa ntchito ngati choipa chitsata mwini, kuti waba Lolemba wathyoka mwendo Lachisanu. Kwa Mhindu nkhaniyi ndi yaitali kuposa sabata imodzi, ndi yaitali kuposa moyo umodzi.

Iwo amakhulupirira kuti thupi likafa, atman amakabadwanso m'thupi lina, la munthu kapena la nyama, ndipo zimene anachita, zabwino ndi zoipa zomwe, ndizo zimakonza komwe akabadwire. Kuzungulira kumeneku amati samsara. Musakusokoneze ndi zathu zolowa dzina la malemu kapena za mizimu ya makolo. Kwathu agogo akamwalira amakhalabe agogo, timawatchula ndi dzina lawo pothira nsembe. Kwa iwo mzimu umavula thupi ngati malaya akutha n'kuvala lina. Ndipo chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti kubadwanso si mphoto yomwe Mhindu amailakalaka. Cholinga ndi kutulukamo, moksha, kumasuka osadzabadwanso. N'chifukwa chake okalamba ena amapita kukadikira imfa mumzinda wa Varanasi, m'mbali mwa mtsinje wa Ganges, komwe mitembo imatenthedwa usana ndi usiku, phulusa n'kulimwaza m'madzi.

Pofika kumeneko munthu ayenera kusunga dharma, udindo wake monga mwana, kholo, mlimi kapena mfumu. Buku lomwe Ahindu ambiri amasunga m'nyumba, Bhagavad Gita, la mitu 18 ndi ndime 700, likukamba zomwezi. Msilikali Arjuna wataya uta pabwalo la nkhondo chifukwa kutsidyako kuli abale ake ndi aphunzitsi ake, ndipo Krishna akumulangiza kuti achite udindo wake osawerengera phindu lomwe apeze. Njira zake akuti zilipo zingapo: ntchito yopanda dyera, nzeru, ndi kukonda mulungu ndi mtima wonse. Madamu a ku Limbe aja ali pa njira yachitatuyi.

Pali mbali yomwe imandiwawa. Chiphunzitso cha karma chinagwiritsidwa ntchito poikira kumbuyo kusankhana mwa kubadwa: ansembe pamwamba, kenako ankhondo, amalonda, antchito, ndipo pansi penipeni anthu omwe ankati ndi osayenera kukhudzidwa, omwe lero amadzitcha Dalit. Wosauka ankauzidwa kuti akukolola za moyo wake wakale. Malamulo aakulu a India a 1950 analetsa mchitidwe wosala anthuwa, ndipo amene anatsogolera kuwalemba, B. R. Ambedkar, anali Dalit. Iye mwini anatuluka m'Chihindu mu 1956 n'kulowa Chibuda. Ahindu ambiri lero amadana nako kusankhanaku, koma m'midzi ina ndi pa nkhani za ukwati sikunathe.

FUNSO: Kodi Mmwenye aliyense ndi Mhindu? Ndine Mayi wa ku Area 25.

YANKHO: Iyayi mayi. Kalembera wa ku India wa 2011 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 80 ndi Ahindu ndipo 14 ndi Asilamu, otsalawo ndi Akhristu, Asikh ndi ena. Kuno kwathu Amwenye ambiri ndi Asilamu, ngakhale kachisi wa Ahindu ku Blantyre alipo. Mukamva makombola akuphulika usiku cha mu Okutobala kapena Novembala, nyumba zina zitazunguliridwa ndi tinyali, amenewo ndiwo Ahindu, akuchita chikondwerero cha Diwali.