Buku limodzi lokha: kodi likhale Monster Manual?

Mmodzi wa owerenga, amene wayamba kumene kutsogolera masewera a patebulo a Dungeons & Dragons, amene osewera amayerekeza kukhala anthu a m'nthano n'kumaponya madayisi, ndi anzake anayi ku Lilongwe, wandilembera imelo yofunsa nzeru. Iye akuti akugwiritsa ntchito malamulo aulere a mu 2014 amene anawapeza pa intaneti, ndipo mkulu wake wokhala ku Johannesburg walonjeza kumugulira buku limodzi lokha. Akufunsa ngati n'kwanzeru kusankha Monster Manual, buku lofotokoza zilombo zimene osewera amalimbana nazo, komanso kuti mwa mabuku angapo okhala ndi dzinali, loyenera ndi liti. Waonjezera dandaulo lakuti tsiku loyamba lenileni anasankha chilombo chotchedwa bugbear chifukwa nambala yake ya Challenge Rating, yosonyeza kuopsa kwa chilombo, inali 1, yofanana ndi msinkhu (level) wa osewera ake m'masewerawo, koma chinapha wizard, wamatsenga wa gululo, pomumenya kamodzi kokha, ndipo kuyambira pamenepo sakuzikhulupiriranso nambala za zilombo.

Achimwene, gulani bukulo. Osewera anu angathe kukhala miyezi yambiri akusangalala ndi anthu amene apanga kuchokera m'malamulo aulere, koma inu wotsogolera mumafunika mdani watsopano pafupifupi nthawi iliyonse imene mwakhala patebulo, ndipo zilombo zina zotchuka kwambiri, monga beholder ndi mind flayer, kampani ya Wizards of the Coast, mwini wa masewerawa, sinaziike m'chikalata chake chaulere chotchedwa System Reference Document. Komabe chifukwa changa chachikulu chokuuzirani kuti mugule si kuchuluka kwa zilombo ayi. Phindu la buku lotere lagona poti limakuuzani chimene chilombo chilichonse chimafuna, kumene chimakhala, chimene chimaopa, ndiponso vuto limene chimaika pamaso pa osewera kuti alimasule.

Mbiri ya bukuli ikusonyeza zimenezi bwino lomwe. Masewerawa atatuluka koyamba mu 1974, olembedwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, zilombo zinali m'kabuku kakang'ono kamodzi mwa timabuku titatu ta m'bokosi. Monster Manual yoyamba inatuluka mu 1977 kuchokera ku kampani ya TSR ya ku Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin ku America, ili ndi zilombo zoposa 350, ndipo inatsogola mabuku ena awiri akuluakulu, la osewera la mu 1978 ndi la wotsogolera la mu 1979. Zilombo zambiri zinachokera m'nthano za mitundu yosiyanasiyana: troll wa kumpoto kwa Ulaya, rakshasa wa ku India, medusa ndi minotaur a ku Greece. Koma zimene zinakhalitsa m'mitima ya osewera ndi zimene zinapangidwira masewerawa enieniwo. Owlbear, bulette ndi rust monster zinabadwa kuchokera ku tizidole tapulasitiki totchipa topangidwa ku Hong Kong, timene Gygax ankagwiritsa ntchito patebulo lake. Rust monster si chilombo choopsa ku moyo wa munthu, koma chimadya chitsulo, kotero msilikali amene wavala zida zake zodula ndiye amayamba kuthawa, n'kusiya wizard wovala mkanjo kutsogolo. Gelatinous cube ndi chimbulumbulu choonekera mkati chotalika mafiti 10 mbali zonse, muyeso wofanana ndendende ndi njira za m'mapanga zimene otsogolera ankajambula papepala la timabokosi, moti chimatseka njira yonse ndipo munthu wosasamala amangolowa m'mimba mwake. Mimic amadzisandutsa bokosi la chuma pofuna kulanga wadyera amene amathamangira kutsegula chilichonse. Troll amachira mabala ake nkhondo ili mkati pokhapokha atapsa ndi moto kapena asidi, ndiye gulu limene silikudziwa zimenezi lingamugwetse kangapo iye n'kumadzukabe. Chilichonse mwa izi ndi funso loperekedwa kwa osewera, ndipo wotsogolera amene wangoona nambala zake osawerenga khalidwe lake wataya theka la ndalama zimene mkulu wake walipira.

Tsopano za bugbear wanu uja. Nambala sizinakunamizeni, kungoti munaifunsa Challenge Rating zimene siingathe kuyankha. Muyeso umenewu, umene unayamba ndi malamulo a mu 2000, umangotanthauza kuti gulu la anthu anayi opuma bwino, a msinkhu wofanana ndi nambalayo, liyenera kupambana popanda imfa ngati zinthu zayenda mwa masiku onse. Suwerengera kuti nkhonya yoyamba yagwera ndani. M'malamulo a mu 2014, chibonga cha bugbear chimavulaza ndi madayisi awiri a mbali 8 kuonjezerapo 2, zimene kawirikawiri zimakwana 11, ndipo akamupeza munthu modzidzimutsa amaonjezera madayisi ena awiri a mbali 6, pafupifupi 7. Wizard wa msinkhu woyamba amakhala ndi ma Hit Points, nambala yosonyeza moyo wake, ozungulira 8. Mukaphatikiza 11 ndi 7 mupeza 18, mukachotsapo 8 patsala 10, ndipo lamulo limati zotsalazo zikafika kapena kupyola ma Hit Points onse a munthuyo, wafa pomwepo popanda mwayi wodzuka. Chilombocho chinachita zimene chinalengedwera, chifukwa bugbear ndi wobisalira, ndipo Monster Manual imanena zimenezi momveka m'ndime zofotokoza khalidwe lake. Mukanawerenga ndimezo mukanapatsa osewera chizindikiro, kaya mapazi akuluakulu m'matope kapena mlimi wa m'mudzi wowachenjeza kuti anthu akusowa m'njira imeneyo, ndipo iwo akanaika msilikali patsogolo.

Choncho musanaike chilombo patebulo, onani zinthu zitatu zimene Challenge Rating siikuuzani. Yerekezani kuvulaza kwake kwakukulu ndi moyo wa munthu wofooka kwambiri m'gulu. Onani ngati chili ndi mphamvu yodutsa pambali pa ma Hit Points, monga shadow, amene nambala yake ndi theka chabe koma amayamwa mphamvu za thupi mpaka munthu kufa. Kenako werengani kuchuluka kwa adani, pakuti ma goblin asanu ndi mmodzi amaponya mivi isanu ndi umodzi pamene ogre mmodzi wamenya kamodzi, ndipo goblin amene akuseweredwa monga bukulo likunenera, wolasa n'kubisalanso nthawi yomweyo, ndi woopsa kuposa momwe ma Hit Points ake 7 akuonekera. N'chifukwa chake zinjoka zikuluzikulu zinapatsidwa zimene bukuli limazitcha legendary actions, kuti chilombo chimodzi chithe kuchitapo kanthu pakati pa nthawi za osewera m'malo mongoima n'kumamenyedwa ndi anthu asanu.

Pa funso lakuti mugule liti, m'pofunika kusamala, chifukwa mkulu wanu akalowa m'sitolo ya mabuku akale angathe kupeza ambiri. Fiend Folio ya mu 1981, imene inasonkhanitsidwa ku Britain ndipo zilombo zake zambiri zinatumizidwa ndi owerenga magazini ya White Dwarf, ndi yokoma kuwerenga, koma nambala zake n'za malamulo ena, amene Armor Class, nambala ya chitetezo cha munthu kapena chilombo, ikakhala yotsika ndiye inali yabwino. N'chimodzimodzinso Monster Manual II ya mu 1983, ndi Monstrous Compendium ya mu 1989 imene inatuluka ngati mapepala oboola oika mufayilo, mpaka kampani ya TSR inabwerera ku buku lomangidwa mu 1993. Mabuku a malamulo a mu 2000 ndi a mu 2008 nawonso sangakuthandizeni popanda ntchito yaikulu yosintha nambala. Bestiary ndi Monster Core a kampani ya Paizo ndi a masewera ena otchedwa Pathfinder. Tome of Beasts ya Kobold Press imagwirizana ndi malamulo anu, monganso Volo's Guide to Monsters ya mu 2016 ndi Monsters of the Multiverse ya mu 2022, koma onsewa ndi oonjezera, oyenera munthu amene ali kale ndi buku loyamba.

Otsala ndi awiri, la mu 2014 ndi la mu 2025. Latsopanoli lili ndi zilombo zoposa 500, zosanjidwa motsatira afabeti kuti muzizipeza msanga, ndipo pa chilichonse pali mzere wonena malo amene chimakhala ndi chuma chimene chingakhale nacho. Zilombo zake zikuluzikulu anazilimbitsa, ndipo mitundu monga orc ndi drow anaichotsa pa mndandanda wa zilombo, n'kusiya nambala za asilikali, achifwamba ndi ansembe zimene mungapatse munthu wa mtundu uliwonse. Kusintha kumeneku ndikugwirizana nako, chifukwa mtundu wathunthu wa anthu olankhula ndi kuganiza suyenera kulembedwa kuti ndi woipa chibadwire. Komabe kwa inu ndikusankha la mu 2014. Chifukwa choyamba n'chakuti ndilo linalembedwera malamulo amene muli nawo, ndipo chachiwiri n'chakuti ndime zake zofotokoza makhalidwe a zilombo n'zotalikirapo, zimene wotsogolera watsopano akuzifuna kwambiri kuposa nambala zokonzedwa bwino. Likapanda kupezeka, la mu 2025 ligwirabe ntchito, bola mukumbukire kuti adani a nambala zapamwamba amamenya mwamphamvu kuposa akale.

Tsiku lina mudzafuna chilombo chimene sichili m'buku lililonse, mwina chochokera m'nkhani zakwathu kuno, ndipo apa m'pamene bukuli limabweza ndalama zake kachiwiri. Simufunika kupeka nambala kuchokera pachiyambi. Mukafuna chinjoka choyenda pansi pa nthaka monga Napolo, amene akuluakulu amati akamasamuka kuchoka kuphiri kupita kunyanja amagumula zonse za m'njira yake, tengani nambala za purple worm, chinyongolotsi chachikulu chokumba pansi, ndipo musinthe maonekedwe ndi khalidwe lake. Ine ndikanakhala inu sindikanalola kuti osewera amuphe ndi malupanga, popeza mphamvu ya nkhani ya Napolo ili m'madzi, matope ndi miyala yogubuduzika, ndipo ntchito ya gululo ikanakhala kupulumutsa mudzi mvula isanakule. Muyambe mwafunsa anzanuwo, chifukwa tsoka la ku Phalombe la mu 1991 linaphetsa anthu ambiri, ndipo patebulo panu pangakhale wina amene banja lake linakhudzidwa.

Mukamatumiza uthenga ku Johannesburg, musawauze akulu anuwo kuti agule buku lokhala ndi chilombo cha diso limodzi lalikulu pachikuto, chifukwa beholder ali pachikuto cha la mu 2014 komanso cha la mu 2025. Auzeni atsegule tsamba loyambirira lokhala ndi maina a olemba, aone chaka chimene chasindikizidwa m'munsi, ndipo akujambulireni pafoni asanalipire.