Pulogalamu yathu yorenda ingapikisane bwanji ndi V-Ray ndi Lumion?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina wa ku Lilongwe, wojambula mapulani a nyumba. Iye ndi mnzake wodziwa kulemba mapulogalamu akupanga kapulogalamu korenda, kosandutsa nyumba ya 3D ya pa kompyuta kukhala chithunzi chooneka ngati chajambulidwa ndi kamera. Funso lawo ndi ili: "Titani kuti anthu asankhe yathuyi m'malo mwa mapulogalamu otchuka orenda monga V-Ray, Lumion kapena Enscape? Tilimbikire kukongola kwa chithunzi kapena liwiro?"

Achimwene, ntchito mwayambayi yandisangalatsa, n'chifukwa chake sindikubisirani kanthu. Kukongola kwa chithunzi pakokha sikukugulitsirani pulogalamu. Masamu a kayendedwe ka kuwala anawalongosola James Kajiya mu 1986, ndipo lero aliyense amawadziwa. Intel imapereka mwaulere Embree, chida chowerengera njira ya kuwala, komanso Open Image Denoise yochotsa timadontho pa chithunzi. Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D, yakhala ndi chorendera chake chotchedwa Cycles kuyambira 2011, yosalipira ngakhale tambala. Kampani ya mafilimu ya DreamWorks nayo inatsegulira aliyense chorendera chake chotchedwa MoonRay mu 2023. Filimu ya ku Latvia yotchedwa Flow, imene inapata Oscar mu 2025, inapangidwa ndi Blender yomweyo. Chithunzi chanu chiyenera kukongola ndithu, koma kukongolako kungokulowetsani pachipata cha msika. Benchi yogulitsirapo muipeza ndi zina.

Taonani mmene ena analowera pamene V-Ray, ya kampani ya Chaos ya ku Sofia, inali itakhazikika kale. Pulogalamu yorenda ya Corona inayamba mu 2009 ngati ntchito ya kusukulu ya Ondřej Karlík ku Prague. Nthawi imeneyo wogwiritsa V-Ray ankayenera kudziwa manambala ambirimbiri oti asinthe chithunzi chisanatuluke bwino. Corona inachepetsa zonsezo: uika magetsi, udina batani, chithunzi chiyamba kuyera pamaso pako. Kenaka inabweretsa LightMix, yolola munthu kusintha mphamvu ndi mtundu wa babu lililonse kurenda kutatha kale. Amene anachezerapo usiku akudikira chithunzi, mmawa kasitomala n'kunena kuti pabalaza pachita mdima, akudziwa kufunika kwa chinthu chimenechi. Ojambula m'kati mwa nyumba anasamukira kumeneko mwaunyinji, mpaka Chaos inagula kampaniyo mu 2017.

Enscape ya ku Karlsruhe inadzera khomo lina. Inakalowa m'kati mwenimweni mwa Revit ndi SketchUp, mapulogalamu ojambulira nyumba, moti ukasuntha khoma pa pulani, pawindo linalo khomalo lasuntha kale, dzuwa likuwomba. Palibe kutulutsa fayilo n'kukaitsegula kwina. Mu 2022 nayo inaphatikizana ndi Chaos. KeyShot sinalimbane ndi za nyumba, inatsata opanga katundu monga nsapato, mafoni ndi mipando. Redshift inatsamira pa liwiro la GPU, khadi la zithunzi la m'kompyuta, kwa opanga makanema, ndipo Maxon inaigula mu 2019. Aliyense wa awa anasankha munthu mmodzi, naona pomwe ntchito ikumupweteka, nachotsa mungawo.

Koma polowa m'pulogalamu ya eni monga inachitira Enscape, muzikumbukira pulogalamu yorenda ya mental ray. Kwa zaka zambiri inkabwera pamodzi ndi Maya ndi 3ds Max, mapulogalamu a 3D a kampani ya Autodesk. Autodesk itagula kampani ya Solid Angle mu 2016 inaika chorendera cha kampaniyo, Arnold, m'malo mwa mental ray, ndipo mu 2017 NVIDIA, mwini wa mental ray, inasiya kuitukula. Yambani ndi SketchUp ngati ndi imene anzanu ambiri amagwiritsa, koma lembani injini yanu mwa njira yoti mawa ithe kulumikizika ku Revit, Archicad kapena Blender.

Tsono munthu wanu mmodziyo ndani? Ine ndikuona kuti muli naye kale pafupi, ndipo makampani aakuluwo samuganizira n'komwe. Ndi wojambula mapulani wa ku Area 25, ku Ndirande kapena ku Chipata, wa laputopu ya kaunjika yopanda khadi lamphamvu la NVIDIA, amene kasitomala wake ali ku Johannesburg ndipo akufuna kuona nyumba yake pa WhatsApp asanatumize ndalama za simenti.

Pa mtengo pokha simupambana, chifukwa pulogalamu yorenda ya Twinmotion, imene Epic Games inagula mu 2019, ndi yaulere kwa amene amapeza ndalama zosakwana madola 1 miliyoni pachaka. Mupambana pa kalipiridwe. Mapulogalamu akunja olipira amafuna madola pa khadi la kubanki mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera. Ambiri amangothawira ku mapulogalamu akuba, odzaza ndi mavairasi. Inu lolani munthu alipire makwacha pa Airtel Money kapena Mpamba, kwa sabata imodzi yokha pamene wapeza ntchito. Laisensi isamafune intaneti nthawi iliyonse akatsegula.

Za magetsi ndilankhulepo ndi mtima wonse, chifukwa zinandionekera. Ndinasiya chithunzi chikurenda maola asanu, kutsala pang'ono kuti chithe magetsi anazima, batire linali lotha kale, ndipo zonse zinapita. Pulogalamu imene imasunga pomwe yafika mphindi zingapo zilizonse, n'kupitiriza pomwepo magetsi akayaka, ndingaigule lero lomwe. Ikhalenso yoyenda bwino pa CPU yokha, ubongo wa kompyuta, popanda khadi la zithunzi. Musaope kuti zimenezo n'zachikale. Corona inatchuka ikurenda pa CPU basi.

Pomwe mungasiye onse kumbuyo kwenikweni ndi pa katundu wobwera ndi pulogalamu. Lumion ya ku Netherlands anthu amaikonda kwambiri chifukwa cha mitengo, magalimoto ndi anthu okonzeratu ongokoka n'kuika. Koma nyumba ya ku Area 49 ikazunguliridwa ndi mitengo ya ku Ulaya ndi kapinga wobiriwira ngati wa bwalo la mpira, kasitomala amaona kuti si kwawo kuno. Tengani kamera, mujambule njerwa zootcha, mabuloko a simenti, malata a IBR, dothi lakatondo, mpanda wa njerwa ndi geti yachitsulo, thanki ya madzi pansanja, masola padenga, mango, mapapaya, mbawa ndi jacaranda. Ikani udzu wouma wa mu Okutobala ndi wobiriwira wa mu Febuluwale. Dzuwa likhale lotcheredwa kale mizinda yathu: mu Juni kuno limadutsa chakumpoto, ndipo wojambula ayenera kuonetsa mwininyumba ngati khonde lake lidzakhale pamthunzi masana. Katunduyu munthu azikopera chimodzichimodzi chimene akufuna, bando yake isathere pa zinthu zosamukhudza.

Msika wa Malawi wokha ndi waung'ono, n'zoona, koma mavuto omwewa ali ku Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Ophunzira zojambula nyumba ku MUBAS apatseni mwaulere, chifukwa chida chimene munthu waphunzirira amapita nacho kuntchito. Tsegulaninso gulu la WhatsApp lomwe wofunsa aziyankhidwa tsiku lomwelo, m'Chichewa.

Musanalembe mzere wina wa pulogalamu, pitani kwa ojambula mapulani asanu, mukhale pambali pawo tsiku lathunthu ndi wotchi m'manja. Lembani nthawi imene ikupita kuchokera pomwe modelo yatha mpaka kasitomala atayankha kuti "mangani", ndi pamene paliponse akudandaula. Mukatero mundilemberenso, mutumize ndi mtundu wa laputopu imene aliyense wa iwo akugwiritsa, tione pamodzi poyambira.