Za 35 ija, msuweni

Ee, msuweni, uthenga wako ndaumva. Ukufunsa kuti ku yunivesite mayeso amakhala angati pa semesita. Iwe! Ndimakudziwa ine. Ukayamba kufunsa mozungulira chonchi ndiye kuti pali pepala labwerako ndi inki yofiira. Azakhali andinong'oneza kuti tesiti yoyamba wapeza 35 pa 100. Usawakwiyire, akudera nkhawa basi.

Dikira kaye, ndikuuze za amalume aang'ono. Chaka chija cha sutikesi ija... ee, chomwecho. Iwo ankati ma asayimenti ndi za ana, munthu wanzeru amaonekera pa mayeso omaliza. Ku labu ankapita akafuna. Malipoti ena ankalemba usiku woti mawa apereka, ena osapereka n'komwe. Anzawo ali yakaliyakali ndi mapepala kukhomo la lekichala, iwo ali gone pabedi, wailesi pachifuwa. Ndipo mutu anali nawodi, tisawanamizire. Mayeso omaliza anapeza 75... ayi, 70, inali 70 pa 100. Koma pa kosi imeneyo mayeso omaliza ankatenga malikisi 60, ntchito ya mkati mwa semesita 40. Ndiye 70 ija itawerengedwa pa 60 inatsika n'kukhala 42. Pa 40 paja anali ndi 5 yokha. Zonse pamodzi 47, pokhozera pali pa 50. Ndinawaona ndi maso angawa akuwonkhetsa pa kapepala, n'kufufuta, n'kuwonkhetsanso, ngati kuti malikisi atatuwo abisala penapake. Anakalemba sapu, mayeso obwereza a amene alephera, pa tchuthi anzawo akupuma. Agogo anauzidwa kuti atsalira kuthandiza aphunzitsi. Amalumewo usakawafunse, amakwiyabe.

Ndimati chiyani? Eya. Giredi ya ku yunivesite siichokera pa pepala limodzi, amachita kuitolera pang'onopang'ono: matesiti, ma asayimenti, ntchito ya pagulu, kuyankhula kutsogolo kwa kalasi, kenako mayeso omaliza. Kagawidwe kake kamasiyana, ena 40 ndi 60, ena theka ndi theka, ndipo pokhozera kwina ndi 40, kwina 50. Zonsezi zili pa course outline, ndondomeko ya kosi imene anakupatsani sabata yoyamba, ija unaipinda n'kuiiwala m'chikwama. Ukukana? Kaifufuze.

Tiyerekeze kuti tesiti yakoyo ndi ya malikisi 10 pa kosi yonse. 35 ija ndi atatu ndi theka. Wataya 6 ndi theka basi pa 100, enawo akadali poyera, akudikira iwe. Komanso uyang'ane makirediti, manambala osonyeza kulemera kwa kosi iliyonse, chifukwa pa GPA, avereji ya magiredi ako onse, kosi ya makirediti 4 imakoka kawiri kuposa ya 2. Mphamvu uziike pa kosi zolemerazo.

Ndiye wamva? Tesiti imodzi sinakugwetse, mwana wa azakhali. Amalume sanagwe ndi pepala limodzi, anagwa ndi tintchito tating'ono timene ankatinyoza. Upite kwa lekichala ndi pepala lakolo, umufunse pamene unaphonya, amakhala ndi maola oonana ndi ophunzira. Ndipo asayimenti iliyonse upereke, ngakhale ya malikisi 5, koma yolemba wekha, zokopera amazigwira ndipo chilango chake n'chowawa kuposa 35.

Sunalephere kosi, ndikubwerezanso. Ujambule course outline ija unditumizire madzulo ano, tiwerengetse limodzi.