Kupaka steni wa mitundu iwiri patebulo limodzi

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kupaka tebulo lanu la paini steni wowala pakati ndi wodera m'mbali popanda mitunduyo kulowererana. N'zotheka ndithu, koma musadalire tepi yekha monga ena amanenera.

Steni si penti. Penti amakhala pamwamba, pomwe steni amalowa m'thabwa n'kumayenda motsata mitsempha yake ngati madzi m'nsalu. Ngakhale tepi mumumate bwanji, steni amadutsa kunsi kwake. Zinandichitikirapo patebulo la kasitomala wina: nditamatula tepi, mzere wonse unali ndi timiyendo takuda ngati ta bongololo, ndipo ndinatha tsiku lathunthu ndikupala.

Masiku ano ndikatha kukwecha ndi sandipepa wa nambala 120 kenako wosalalirapo wa 180, ndimagoneka rula yachitsulo pomwe mitundu ikukumana n'kudula kamzere ndi mpeni wakuthwa, kozama ngati milimita imodzi. Kamzereko kamadula mitsempha ija, ndiye steni akafika pamenepo amaima. Tepi ndimamumata m'mphepete mwenimweni mwa kamzereko, n'kumutsindira ndi chikhadabo.

Yambani ndi mtundu wowala, chifukwa ukadumphira mbali inayo wodera udzauphimba, pomwe dontho lodera likagwera pathabwa loyera kulichotsa ndi ntchito. Ukauma bwinobwino, pakani sanding sealer (mankhwala otseka timabowo ta thabwa) mbali yowalayo, nayenso aume, ndiye mumate tepi pamwamba pake musanayambe wodera. Pafupi ndi mzere burashi isiyeni. Tengani kansanza, kafinyeni kuti kasadonthe, muzipukuta kuchokera patepi kulowera mbali yomwe mukupakayo, osati kukankhira steni kutepi.

Paini ali ndi vuto lake: amamwa mosiyana, ndiye wodera amatuluka mawangamawanga, makamaka pamfundo ndi kumapeto kwa thabwa. Sealer wosungunula kwambiri ndi thinazi mukamupaka kaye pang'ono amachepetsa zimenezi. Onetsetsaninso kuti guluu yense mwamupala, poti pomwe watsalira steni salowa. Likanakhala la mlombwa kapena mbawa ndikanati steni musiyeni, mitengo imeneyo mtundu wake ndi wokongola kale.

Yesani kaye pachidutswa chotsala cha thabwa lomwelo, mpaka ndi vanishi yemwe. Vanishi woyambayo apite wochepa, osabwerezabwereza burashi, chifukwa amatha kunyamula wodera uja n'kumupititsa pakati.