Musathamangire kwa bondsman, yambani mwapempha kuti belo itsike

Achemwali, pepani ndi zomwe zakugwerani. Mwati alongo anu amangidwa ku Dallas, mzinda wa ku Texas m'dziko la America, khoti laika belo ya madola 20,000, ndipo kampani ina yakuuzani kuti mukangopereka 2,000 atuluka lero lomwe. Mukufunsa ngati abale musonkhe n'kutumiza. Ine ndikuti gwirani kaye ndalamazo mpaka loya ataona nkhaniyi.

Belo ya ku Texas si yofanana ndi yomwe tinazolowera kwathu, kumene umapereka ndalama kukhoti, n'kubwera ndi abale awiri okuimira. Ku Texas njira zilipo zitatu. Mungathe kupereka madola 20,000 onsewo kukhoti, ndipo mlandu ukatha munthu osajombako, ndalamazo zimabwerera, kupatula kangachepe kolipirira ntchito. Woweruza angathenso kumutulutsa pongosainitsa lonjezo loti azibwera kukhoti, zomwe amati personal bond. Njira yachitatu ndi iyo yakupezaniyo: kampani, yomwe amati bondsman, imalonjeza kukhoti kuti idzalipira belo yonse munthuyo akathawa, inu n'kuilipira kawirikawiri 10 peresenti.

Apa m'pamene ambiri amagwa. Madola 2,000 amenewo si chikole ayi, ndi malipiro a kampaniyo. Sabwerera. Kaya alongo anu apezeka osalakwa, kaya mlanduwo authetsa mawa lomweli, apita basi. Komanso wosainira mgwirizano ndi kampaniyo amakhala wasenza ngongole yonse: alongo anu akajomba kukhoti osapezeka, kampani idzafuna 20,000 kwa iye, ndipo ena amayamba atenga mapepala a galimoto kapena a nyumba ngati chikole. Mnzawo wa kutchalitchi amene akuti asainira uja mumuuze zimenezi mosabisa, asadzati munamupusitsa. Malondawa ena ku America komweko amadana nawo ndithu. Ku Kentucky, Oregon ndi Wisconsin ndi oletsedwa, ndipo Illinois inathetseratu belo ya ndalama mu 2023. Koma ku Texas ndiwo ofala.

Poti malipiro a bondsman amatengera kukula kwa belo, ikatsika kufika pa 5,000 inu mulipira 500 yokha, mwinanso abale mungakwanitse kupereka yonse kukhoti kuti idzabwerere. N'chifukwa chake ndikuti muyambire pamenepo.

Wopempha ndi loya. Ngati alongo anu alibe ndalama, auze khoti kuti liwapatse loya wolipiridwa ndi boma, ndi ufulu wawo. Loyayo amalemba pempho loti belo itsike, kapena amadzera njira ya habeas corpus, yopempha woweruza kuti aone ngati munthu akusungidwa m'ndende moyenera, ngati mlandu sunalowe m'khoti bwinobwino. Malamulo aakulu a dziko la America amaletsa belo yopyola muyeso, ndipo khoti lawo lalikulu linagamula mu 1951, pa mlandu wa Stack ndi Boyle, kuti belo yoposa ndalama zokwanira kutsimikiza kuti munthu adzabwera kukhoti ndi yopyola muyeso. Ku Texas, gawo 17.15 la malamulo ozengera milandu limati belo isakhale chida chozunzira munthu, ndipo woweruza aone ngati womangidwayo angaikwanitse. Amaonanso kukula kwa mlandu, mbiri ya munthuyo, chitetezo cha wodandaula, ndiponso, kuchokera mu 2021, ngati ali nzika kapena ayi. Mfundo yomalizayi imatipweteka ife obwera, chifukwa woimira boma sachedwa kunena kuti munthu wa pasipoti ya kunja angathe kukwera ndege.

Ndiye ntchito yanu ili pa umboni, osati kulira. Udindo wosonyeza kuti belo yakula uli pa womangidwayo, ndipo kungoti "tilibe ndalama" sikukwanira. Sonkhanitsani mapepala a malipiro a kuntchito, kalata ya abwana yoti ntchito ikuwadikira, mgwirizano wa lendi wosonyeza zaka zomwe akhala pamalopo, mapepala a sukulu ya ana ngati ali nawo, ndi zakubanki. Lembani ndalama zomwe abale mwakwanitsa kusonkha ndi komwe mwayesa n'kulephera. Pa tsiku lomva pempholo anthu awiri atatu odalirika akakhalepo m'khoti, woweruza awaone ndi maso. Loya angathenso kunena kuti alongo anu avomera kusiya pasipoti kukhoti kapena kuvala kachipangizo kowalondola pamwendo. Kachipangizoko nthawi zambiri wolipira ndi wovalayo, choncho funsani mtengo musanavomere.

Palinso gawo 17.151: ngati boma silinakonzeke kuzenga mlandu waukulu, wa felony, patatha masiku 90 munthu ali m'ndende, ayenera kutulutsidwa pa personal bond kapena belo itsitsidwe. Pa milandu yaing'ono masikuwo ndi 30, 15 kapena 5. Koma sindingakulangizeni kudikira miyezi itatu, ntchito ndi nyumba zingapite. Ngati loya wati pempho litenga nthawi yaitali ndipo ntchito ili pachiswe, kulipira bondsman kungakhale kwanzeru. Mungochita mukudziwa.

Chachikulu kuposa zonsezi simunachitchule: mapepala awo okhalira m'dzikomo ali bwanji? Loya afunse kundende ngati pali ICE hold, lomwe ndi pempho la a zolowa ndi kutuluka loti ndende imusungebe munthu. Lamulo la Texas la 2017 limakakamiza ndende kumvera pempho la a zolowa ndi kutuluka, ndipo angathe kumusunga munthu maola 48 owonjezera kuti adzamutenge. Zikatero mwalipira 2,000 kuti achoke m'ndende ina n'kulowa ina, kumene belo yake ndi nkhani yapadera, mwinanso osapatsidwa n'komwe. Asavomerenso mlandu uliwonse pofuna kutuluka msanga loya asanawafotokozere ngati kuvomerako kungawathamangitsitse m'dzikomo. Kuyambira pa chigamulo cha khoti lalikulu cha mu 2010 pa mlandu wa Padilla, loya ali ndi udindo wowauza zimenezo.

Akakuimbirani ali m'ndende musakambirane za mlanduwo, mafoni a mmenemo amajambulidwa. Ndipo mukafika posankha kampani, ikhale ya chilolezo m'dera la Dallas County, mgwirizano muuwerenge wonse, makamaka pa zolipira pang'onopang'ono ndi tsiku lobweza chikole, ndipo lisiti lililonse mulisunge.